Foni ya Moffat Itayamba Kulankhula

Pa Boma la Dowa, ukafunsa kogula foni, anthu amakulozera kwa Moffat. Kashopu kake n'kakang'ono, koma mwini wake amadzimva kukula. Amati palibe foni imene ingamuzunguze mutu, ndipo kasitomala womuwongolera amamuona ngati wabwera kudzamulanda shopu.

Sabata imeneyo mtima wake unali m'mwamba. Mkazi wake, Mirriam, anali woyembekezera mwana woyamba, ndipo anapita kukadikirira kwa amayi ake kumudzi wina kuseri kwa Kasakula. Apongoziwo sankamukhulupirira Moffat chikwatirireni mwana wawo, ankati ndi munthu wa pakamwa basi. Tsono iye analumbira pamaso pawo kuti nthawi ikadzakwana iwo adzangoimba kamodzi, iye adzafika ndi njinga yake yamoto n'kuthamangira ndi Mirriam kuchipatala. Foni sinkachoka m'manja mwake, ngakhale popita kokasamba.

Lachinayi m'mawa munalowa bambo Elifala a ku Msakambewa, ndodo yoyera m'manja, akazi awo mayi Tabita ali pambali. Bambowa anali mphunzitsi, ndipo anasiya kuona zaka khumi zapitazo.

"Ndikufuna foni ya tachi, yoti izindiwerengera zolembedwa," anatero a Elifala. "Yomwe ndinali nayo inagwera m'ndowa ya madzi."

Moffat sanawayankhe, anatembenukira kwa mayi Tabita. "Mayi, abambowa agulireni iyi ya mabatani. Ndi yolimba, ndipo tochi yake imawala ngati ya galimoto."

"Tochiyo ndiziunikira ndani, achimwene?" anafunsa a Elifala.

Moffat anawerama n'kubwereza mawu ake mokuwa, ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa dambo.

"Makutu ali bwino, achimwene. Amene anapita ndi maso okha."

"Ine ndangowaperekeza," anatero mayi Tabita. "Lankhulani ndi eni ake."

A Elifala anafotokoza modekha kuti mafoni a tachi amakhala ndi mawu mkati, oti ukawayatsa amatchula chilichonse chimene chala chakhudza. Anapempha kuti awapatse imodzi m'manja, amve kukula kwake, amuonetsenso poyatsira mawuwo. Apa Moffat zinamunyansa. Iye, Moffat, aphunzitsidwe foni ndi munthu wosaona? Anati katundu watsopano sagwiritsa anthu, angamugwetse. Kenako anatulutsa foni yakeyake, nafufuza mpaka anapeza poyatsira paja, n'kudina monyadira.

Foni inalankhuladi, mawu a mzimayi, Chingerezi chothamanga. Moffat anamwetulira. Koma atati abwerere m'mbuyo, foni inangotchula dzina la pamene wadinapo, osasuntha. Anadina pena, inatchulanso. Anakoka chala pagalasi, mzimayi uja anangowonjeza liwiro.

"Mawuwo akayaka, kadinidwe kamasintha," anatero a Elifala, atatambasula dzanja. "Bweretsani ndikuonetseni, n'zosavuta."

"Ayi bambo, ndikudziwa chimene ndikuchita," anayankha Moffat, thukuta lili kamukamu. "Mwaonatu, zinthu zanuzi zimangowononga mafoni. Tengani ya mabatani, kapena kayeseni kwina."

A Elifala anathokoza mwaulemu, natuluka. Moffat anawaona akuwoloka msewu n'kulowa mushopu ya Zakia, mayi wogulitsanso mafoni. Anaona Zakia akuwaikira foni m'manja, kenako ina, iye atatsamira patebulo kumvetsera ngati mwana wasukulu. Moffat anafwenthera, nabwerera ku nkhondo yake.

Ndiye foni inalira. Mzimayi wa mkati uja analengeza shopu yonse kuti akuimba ndi apongozi. Moffat anakoka chala kuti ayankhe, koma foni inakana. Anakokanso, anadina, anagwedeza, anapemerera pagalasi, foni ili lirilire mpaka inaduka. Inaliranso kachiwiri, kachitatu, kachinayi. Anayesa kuizimitsa, koma ngakhale pozimitsira pankangolankhula. Mantha anamugwira zenizeni, chifukwa ankadziwa kuti apongozi ake saimba foni kuti angopereka moni.

Nzeru zinamufikira mochedwa. Anachotsa simu n'kuika m'foni ya mabatani ija, koma apongozi anali atatopa kuimba. Nambala yawo inali m'foni yolankhulayo, osati m'mutu mwake. Ya Mirriam ankaidziwa, koma inali yozima, poti kumudziko magetsi kulibe. Akanangokwera njinga, koma apite kuti? Kumudzi, kapena kuchipatala, nanga chipatala chake chiti? Anakhala pansi n'kulimbana nayonso foniyo kwa ola lathunthu, uku akusuzumira kwa Zakia. Miyendo inkafuna kuwoloka msewu, koma manyazi ankaikoka.

Pamene ankawoloka n'kuti a Elifala atapita kale. Zakia anati iyenso zamawuzo waziona lero lomwe, ndipo wangogwira poyatsira pokha. Anamulozera ku siteji. Moffat anathamanga osatseka n'komwe shopu, ndipo anawapeza atakhala pabenchi kudikira galimoto, chala chikuvina pagalasi la foni yawo yatsopano. Ananjuta pamaso pawo, anthu onse akuona.

"Bambo, ndine uja wa mafoni. Ndithandizeni, akazi anga ali ndi pakati."

"Ndakuzindikirani, achimwene, ngakhale pano mwatsitsa mawu," anatero a Elifala. Sanamunyoze kuposa pamenepo. Analandira foni, napapasa m'mbali mwake, n'kudina pamodzi mabatani awiri, lokwezera ndi lotsitsira mawu. Asanapume katatu, mzimayi uja anakhala chete. "Mukanafuna kuyankha, mukanakoka ndi zala ziwiri, osati chimodzi. Ndi zokhazo."

Moffat anabwezeramo simu, naimbira apongozi. Apongozi anayankha mwaulemu wozizira.

"Zikomo bambo, mwatikumbuka. Musavutike, zonse zatheka. Anatinyamula ndi a Benjamini a kabaza, anasiya makasitomala awo pamsika. Kwabadwa mwana wamwamuna, onse ali bwino."

Moffat anagwetsa misozi ya chimwemwe, nayamba kufotokoza za foni. Apongozi sanamulole kumaliza.

"Foni kuvuta kwa wogulitsa mafoni? Chabwino. Koma dzina musavutike nalonso, tapereka kale. Mwanayu ndi Benjamini."

Foni inaduka. Moffat anakhala chinjutire, kukamwa kuli yasa. Miyezi isanu ndi inayi anakhala akuuza aliyense pa Boma kuti mwana akadzakhala wamwamuna adzakhala Moffat wachiwiri, ndipo tsopano moyo wake wonse aziitana dzina la mwamuna wina m'nyumba mwake momwe. Zinamupweteka kwambiri, makamaka podziwa kuti dzanja lomuthandiza linatambasulidwa m'mawa, iye n'kulikana.

A Elifala anamusisita paphewa. "Mwana ndi wanu ndithu, achimwene, thamangani mukamuone. Koma njira ya kuchipatalako ngati simukuidziwa, mufunse."

Anthu a pasiteji anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo Moffat anadzuka n'kuthamangira kukatenga njinga yake. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.