Mbaula ya Mkazi wa Kapitawo

Padangokhala mayi wina, Nankhoma, pa esiteti ya fodya. Ankaumba mbaula zadothi zosafuka utsi, ndipo amayi otopa ndi kutulutsa misozi pophika ankachita kuzilimbirana.

Tsiku lina kunabwera mkazi wa kapitawo, Mayi Chimtengo.

"Iwe Nankhoma, mawa masana ndidzatenga mbaula yokongola kuposa zonse. Ukakana, mwamuna wako ntchito yatha."

"Mudzasankhe nokha, mayi," anatero Nankhoma atagwada.

Koma mbaula zonse zowotcha kale zinali ndi eni ake. M'mawa Nankhoma anazipaka mwaye n'kuzikankhira kumbuyo. Kutsogolo anaika imodzi yosawotcha, ataisalaza ndi mwala mpaka kuchita kung'anima.

Mayi Chimtengo anafika atamanga duku latsopano. "Zakudazo upatse anzako. Yanga ndi iyi!"

Nankhoma anasuzumira kumwamba, naona mitambo ikusonkhana. Anawachedwetsa ndi chimanga chowotcha komanso nkhani zopanda mutu. Mphepo itayamba kununkha mvula, anawasenzetsa mbaula ija.

Mayi Chimtengo atangofika pa chigafa cha fodya, mvula inakhuthuka. Mbaula inayamba kufewa, kenako phwaa! Matope pa duku, matope m'maso, matope m'khosi. Antchito amene anabisala mvula m'chigafamo anaseka mpaka kugwira nthiti. Nanga mayiwo akanakadandaula kwa yani, poti anasankha okha?

Nankhoma anafika akuthamanga, tsamba la nthochi kumutu, nagwada m'matope momwemo.

"Pepani mayi, musafulumire kukasamba. Dothi limeneli ndimakalitenga kutali, imani kaye ndilikokote!"