Mzere wa Dzulo

Panali munthu wina, mmisiri wa matabwa, amene ankakhoma timaboti towolokera mtsinje waukulu. Amene anamuphunzitsa ntchitoyi anamusiyira mapatani atatu ojambulira boti, a matabwa opyapyala: awiri a m'mbali, imodzi ya pansi. Anali okhota bwino ngati tsamba la mango, mimba yotakata, mphuno yoloza kumwamba kuti boti lizikwera funde.

Boti loyamba analijambula kuchokera pa mapataniwo, ndipo linayenda bwino. Koma mapatani ankakhala kudenga, ndipo kukwera kudenga n'kotopetsa. Ndiye anapeza nzeru. Asanakhome boti, ankagoneka matabwa ake pamwamba pa matabwa a boti lotsatira, n'kuzunguliza pensulo. Lachiwiri linabadwa kwa loyamba, lachitatu kwa lachiwiri. Mapatani aja anatsala kudenga akudya mwaye.

Mkuluyu sanali wakuba kapena waulesi wodziwika, ayi. Kungoti pamene mzere wakhota kwambiri, sowo amavuta, ndiye ankawongolako pang'ono. Pamene thabwa lang'aluka kunsonga, ankafupikitsako chala chimodzi. Akayerekeza ndi ladzulo, kusiyana kunalibe. Ankagona mtima uli m'malo.

Zinapita zaka. Boti lomwe anali atangomaliza kukhoma analipereka kwa mwana wake wamkazi, Ndaziona, amene anali ndi dimba kutsidya. Mwana anali yekhayo, ndipo ankamukonda kwambiri. Matabwa a boti lotsatira anali atawajambula kale, atawadula, atawaimika pabwalo poyembekeza misomali.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, kunja kuli zii, ngakhale nkhuku osalira, anadutsa amayi awiri ochokera kuchigayo. Ataona matabwawo anatula mitolo, nagwada m'mbali mwa njira.

"Pepani bambo, sitinamve. Watisiya ndani?"

Mmisiri anaseka mpaka kugwira nthiti. "Amayi inu, maso akuvutani? Ili ndi boti!"

Amayiwo sanaseke. Anasenza ufa wawo n'kupita osacheuka.

Posakhalitsa anadutsa adzukulu, makasu ali paphewa, akuchokera kumanda a mudzi wina. Mmodzi anali adakagwirabe bango lomwe anayezera manda tsikulo. Anaima. Anayang'ana matabwa, anayang'ana bango. Kenaka analigoneka pa thabwa la m'mbali, ndipo linakwana ndendende, kumutu ndi kumiyendo komwe.

"Achimwene," anatero mdzukuluyo motsitsa mawu, "mukatifuna, tili pafupi."

Apa mmisiri uja kuseka kunamuthera. Anatenga makwerero, natsitsa mapatani aja, napukuta mwaye, nawagoneka pa matabwa atsopano. Patani inapitirira kutsogolo ndi kumbuyo. Mimba ija inali itaphwa. Mphuno yokwera funde ija kunalibe. Chimene chinaima pabwalo pake chinali chowongoka m'mbali, chotakata pang'ono pamapewa, chopanikiza kumapazi. Iye sanajambulepo bokosi la maliro chibadwire, koma dzanja lake linali litalijambula, mzere umodzi pa boti lililonse.

Ndipo anakumbukira kuti matabwa amenewa anawajambula kuchokera pa boti la Ndaziona.

Anathamanga opanda nsapato mpaka padooko. Mvula inali itagwa kumapiri, madzi atafiira. Pakati pa mtsinje anamuona mwana wake akubwerera, dengu la mpiru lili kumapazi, akupalasa modekha. Mmisiri anakuwa kuti abwerere kutsidya. Ndaziona sanamve, anangokweza nkhafi kupereka moni kwa bambo ake. Funde linabwera, losaopsa n'komwe, longa mafunde amene boti loyamba lija linkawakwera tsiku ndi tsiku. Boti ili silinakwere. Linangolowa pansi pake mwakachetechete, ndipo pamadzi panatsala masamba a mpiru akuzungulira.

Anthu anamupeza Ndaziona m'mawa mwake m'mabango. Achibale atafunsa za bokosi, mmisiri anangonyamuka. Anapita pabwalo, natola hamala. Sanafune pensulo, sanagwire sowo. Matabwa anali okonzeka kale, ndipo mwana wake anakwanamo.

Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Koma ili linanunkha, ndipo odutsa m'njira analimva. Mwini wake yekha ndiye mphuno zinali zitazolowera.

Tsono iwe amene ukundimvera, umadziyeza ndi chiyani? Ngati umati, "Lero sindinasiyane kwenikweni ndi dzulo," ukunena zoona, ndipo mmisiri uja ankanenanso zoona. Palibe tsiku limene analakwa kwambiri. Usadikire adzukulu kuti akuuze chimene ukukhoma. Kwera kudenga lero, utsitse chimene unaphunzitsidwa poyamba, uchigoneke pa moyo wako. Pali wina amene umamukonda, ndipo wakwera kale boti lako.