Chiluwe cha Mkwatibwi

Panali bambo wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Anali ndi mwana wamkazi mmodzi yekha, dzina lake Dziwenji. Mwanayo atapeza banja, a komiti ya ukwati anapita kutauni kukafunsa mtengo wa maluwa. Bamboyo ataumva anangoti kukamwa yasa. Zinali ndalama zogulira mbuzi ziwiri.

Komabe maluwa ankafunika. Akuchimuna anali anthu a m'tauni, ndipo bamboyo ankaopa chinthu chimodzi: kuti mwana wake angadzalowe m'tchalitchi chimanjamanja, anthu n'kumanong'onezana za umphawi wa kwawo.

Tsono anawerenga miyezi chobwerera kuchokera pa tsiku la ukwati. Anazula mpiru m'dimba mwake n'kufesamo mbewu za maluwa zimene anachita kupempha ku mishoni. Anzake anamuseka. "Achimwene, chaka chino muzidyera maluwa?" Iye ankangoseka nawo, ndowa ili m'manja. Miyezi itatu anathirira m'mawa ndi madzulo, atatchinga ndi minga kuti mbuzi zisalowe. Maluwawo anamasula pa nthawi yake, oyera ndi ofiira.

Kutatsala masiku anayi, m'mudzimo munagwa maliro. Anamwalira mwamuna wa Nankhoma, mayi wa dimba loyandikana ndi la bamboyo. Linali banja losowa, moti bokosi lomwe anthu anachita kusonkha. Mwambo wa kumanda mukuudziwa. Akatha kukwirira amaitana mmodzimmodzi, mkazi wa malemu, kenako ana ake, kuti aliyense aike nkhata ya maluwa. Nankhoma anali ndi ana asanu, ndipo analibe duwa ngakhale limodzi. Akanadzuka opanda kanthu m'manja, mudzi wonse ukuona.

Manyazi amenewo bamboyo ankawadziwa, pakuti ndi omwewo anakhala akuwathawa miyezi itatu. Anapita kudimba ndi mpeni. Kenako anadula maluwa onse, ndipo anakwana nkhata zisanu ndi imodzi, za Nankhoma ndi ana ake.

Dziwenji atamva analira kwambiri. "Ababa, nanga ine ndidzanyamula chiyani?"

Musaganize kuti bamboyo anabwera kudimbako akuimba nyimbo. Mtima unamuwawa, ndipo tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Loweruka m'mawa, mkwatibwi akuvekedwa, Nankhoma anafika. M'nyumba sanalowe, pakuti namfedwa amene wangometa kumene sakhala pa chisangalalo. Anaima kuseri kwa khitchini atanyamula mbale yovundikira ndi nsalu. Munali chiluwe, maluwa achikasu a maungu aja timaphika, amene anathyola m'dimba mwake mame asanaume. Imeneyo ndiyo ikanakhala ndiwo ya ana ake tsikulo.

"Mwananga, ena ndilibe," anatero kwa Dziwenji atatuluka kudzamuona. "Ukaona kuti ndi onyozeka, mungophika."

Azakhali a mkwatibwi anaseka. "Ha! Mkwatibwi anyamule ndiwo?"

Dziwenji anayang'ana mbaleyo, nayang'ana mutu wometa wa mayiyo. Anatenga kansalu koyera, namanga chiluwecho, nalowa nacho m'tchalitchi. Bambo ake ankayenda pambali pake misozi ili chuchuchu. Akuchimuna ena anagwedezana ndi zigongono, n'zoona. Koma amayi a m'mudzi, amene anali kumanda Lachitatu lija, anaimirira n'kululuza mpaka mawu kusasa. Pofika masana chiluwe chinali chitafota, monga chimachitira. Mkwatibwi sanachitule.

Tsono inu makolo, ndi inu a komiti amene mumasowa mtendere chifukwa cha mtengo wa maluwa, ndikukumvetsani. Dzalani, pemphani, thyolani a pabwalo, palibe cholakwa. Maluwa ogula ndi othyola amafota tsiku limodzi. Ine ndakhala pa maukwati a maluwa odzaza galimoto, koma mutandifunsa mtundu wake sindingakuuzeni. Chimene ndikupempha n'chimodzi. Pamene mukutchinga dimba lanu kuti mwana wanu asachite manyazi, suzumirani kuseri kwa mingayo. Mwina mnzanu aitanidwa mawa pamaso pa anthu, ndipo m'manja mwake mulibe kanthu.