Pogwera Munsi

Panali mayi wina amene anabadwira kumigodi ya ku Zimbabwe. Agogo ake ndiwo anachoka kuno akali mtsikana, ndipo sanabwererenso. Amayi ake atadwala mwakayakaya anamuuza kuti, "Ukandiike kwa anthu a amayi anga." Atamwalira, mayiyo anakweza bokosi pagalimoto nawoloka nalo malire. Kuno sankadziwako munthu. Ankangodziwa dzina la phiri, ndi nyimbo imodzi ya pamtondo yochokera kwa agogo aja.

Patsinde pa phirilo anapezapo mudzi, nafotokoza chimene anadzera. Anthu anamumvera chisoni, koma manda awo anali a mbumba yawo yokha. Dzina la agogowo palibe analidziwa, poti kumigodi analisintha.

Mwini mbumba anati, "Imbani nyimbo yanuyo, mayi, timve."

Anaimba. Chichewa chake chinali chopindika, chosakanikirana ndi Chishona. Kenaka mwini mbumbayo anaitana mlongo wake kuti aimbe ya pamudzipo. Nyimbo ziwirizo zinangofanana mwa apo ndi apo.

"Pepani, mayi," anatero bamboyo. "Mawu awiri atatu akhoza kufanana mwangozi. Kayeseni kutsidya."

Dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo thupi silikanatha kudikiranso. Woyendetsa galimoto analiza injini. Mayiyo anangokhala pansi, dzanja lili pabokosi.

Pamenepo mlongo uja anati, "Achimwene, mwamuyerekeza ndi ine ndekha. Kodi ine ndine mbumba yonse?" Anatuma mawu kumidzi yapafupi kumene abale awo anamwazikira, ndipo azimayi anabwera, ena mikono ili ndi dothi la kudimba.

Aliyense anaimba yakeyake. Pamene wina ankadandaula za mlamu, wina ankanena apongozi. A kumtunda anali ataonjezerapo mzere wathunthu, a kumunsi ataiwala wina. Anayamba kulozana zala kuti inu ndinu munaiwononga. Mlongo uja sanalowerere. Anangotulutsa mtondo ndi misi iwiri, nathiramo chimanga, nati asinje awiriawiri uku akuimba.

Apa ndi pamene chinaonekera. Mawu ena onse anali atasintha, koma pogwera munsi panali mawu omwewo pakamwa pa aliyense: tenga, leka, bwera. Mawu enawo munthu akhoza kuwasintha mmene wafunira. Awa ukawasintha, misi imaombana ndipo wina amaphwanyika chala. N'chifukwa chake mibadwo yonseyo palibe anawakhudza.

Mlongoyo anapereka munsi kwa mlendo, iye natenga winawo. Mlendo anayamba nyimbo yake yopindika ija. Munsi unagwa: tenga. Unagwanso: leka. Anthu awiri amene sanaonanepo chibadwire ankasinja ngati anakulira pamtondo umodzi, misi osakhudzana. Utagwa pa "bwera", mlongoyo anausiya munsi, nakumbatira mlendoyo, nayamba kulira maliro. Adzukulu anakatenga makasu.

Inu ophunzira anga, mwakhala mukundifunsa kuti timadziwa bwanji kuti mapuloteni awiri ndi pachibale pamene sakufanana. Puloteni ndi mndandanda wa tizidutswa totsatana, monga mawu a nyimbo. Pakapita zaka zosawerengeka, tizidutswa tambiri timasintha, tina timatayika, tina timaonjezereka. Mukayerekeza mindandanda iwiri yokha, mudzachita ngati mwini mbumba uja, kubweza m'bale wanu. Itanani mbumba yonse. Ndandalikani yambiri pamodzi, muone malo amene sasintha, chifukwa pamenepo ndi pamene ntchito imagwirikira.

Ine ndaphunzitsa zimenezi mpaka imvi, koma chinthu chimodzi chimandichititsabe nthumanzi. Mukadzazula mtedza, mudzaswe kamodzi mwa timibulu ta kumizu tija. Mkati mwake ndi mofiirira. Chofiiritsacho ndi puloteni, m'bale wake wa imene imafiiritsa magazi anu. Mindandanda yawo inasiyana kalekale, anthu kulibe, moti poiyang'ana koyamba mungakane. Koma pamalo pogwirira mpweya, pogwera munsi paja, mawu ake ndi omwewo. Mukadzakaona kofiirako pachala panu, musafulumire kukapukuta. Mwagwira m'bale wanu.