Mkamwini wa ku Thailand ndi Munda wa Duriyani

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kale la posachedwa pompa ndege zikuuluka ndipo foni zili m'matumba, ku Ntcheu kudali mnyamata wina dzina lake Lufeyo Ngozo. Khalani bwino anzanga, makamaka inu akamwini mwabisala kumbuyoko, chifukwa nkhani iyi ikukukhudzani.

Lufeyo adakulira kumudzi kwa amayi ake, kumene bambo ake adali pa chikamwini. Bambowo adali munthu wa manja. Adamanga nyumba ya njerwa zootcha, adakumba chitsime, adalima mbatata ya kachewere yodzaza ngolo, koma mtengo ngakhale umodzi sadabzale. Tsiku lina mwana adafunsa, "Ababa, bwanji pakhomo pathu palibe mango ngati kwa anzathu?" Iwo adati, "Mwanawe, mtengo amabzala ndi mwini nthaka. Ine pano ndine mlendo."

Amayi ake atamwalira, amalume a Lufeyo adauza bambowo kuti, "Khalani alamu, palibe akukuthamangitsani." Adakhaladi. Koma chaka chotsatira munda udagawidwa, kenaka chipinda china cha nyumba ija adalowamo mphwawo wa amalume, mpaka tsiku lina bambowo adangonyamula khasu ndi bulangete n'kubwerera kwawo, popanda wowapirikitsa. Lufeyo adawaperekeza mpaka pamsewu akulira. Pobwerera adalumbira yekha kuti, "Ine chikamwini ayi. Ndidzagula nthaka yangayanga, ndidzabzalapo mitengo, ndipo palibe munthu adzandiuze kuti khalani."

Atakula adayamba geni ya miyala ya mtengo wapatali, yofiira ija anthu amakumba m'mapiri. Mnyamatayu adali wochangamuka. Adamva kuti amene amamugula miyala amakaigulitsa ku Thailand, m'tauni ya Chanthaburi, pa mtengo woti iye sadaulotepo. Ndiye adati, "Ndege imeneyo imakana anthu a ku Ntcheu kodi?" Adakonza mapepala, miyala m'chikwama, uyo wapita!

Kumeneko adapeza msika wa miyala wodzaza anthu a mitundu yonse, ndipo adapezanso Lamyai, mayi amene ankagwira ntchito yopera ndi kupukuta miyala kuti iwale. Tsiku loyamba Lamyai adamuseka pomuona akutuluka misozi ndi tsabola wa kumeneko. Tsiku lina adamuletsa kugulitsa mwala wabwino pa mtengo wozizira. Kuchoka pamenepo mukudziwa kale momwe zimayendera, musandiyang'ane ngati ana. Adakwatirana, ndipo ankakondana zenizeni, zimenezo ndanenetsa kuti pasadzakhale wonena kuti mkaziyu ankafuna ndalama.

Mwayi udamugwera Lufeyo. Adagulitsa mwala wina waukulu, ndipo tulo sadaonenso, mtima uli pa nthaka. Adapeza malo okongola kunja kwa tauni, pamtsetse, pafupi ndi kamtsinje. Adafika ku ofesi ya za malo atavala jekete, nsapato zikuwala, Lamyai ali pambali kuti azitanthauzira. Mkulu wa mu ofesimo adawalandira mwaulemu n'kunena kuti, "Bambo, mlendo saloledwa kukhala mwini nthaka m'dziko muno. Malowa tilemba dzina la akazi anu. Ndipo inu musaine apa kuvomera kuti ndalama zogulira ndi za akazi anuwo, inu mulibe gawo."

Mwamva anzanga? Chikamwini chija adachithawa ku Ntcheu chidakwera naye ndege imodzi, mpando woyandikana!

Lufeyo adazengereza kusaina, cholembera chili m'manja. Lamyai adamuona nkhope n'kunena kuti, "Amuna anga, ngati mtima sukufuna, tisiye. Tikhoza kumakhalabe nyumba ya lendi." Koma lendi kwa Lufeyo kudali kukhala mlendo komweko. Adakumbuka mawu a bambo ake aja akuti mtengo amabzala ndi mwini nthaka, ndipo m'mutu mwake adawatembenuza. Adaganiza kuti ngati mwini nthaka ndiye amabzala, ndiye kuti wobzala ndiye mwini nthaka. Adamwetulira n'kunena kuti, "Lembani dzina lake pa pepalapo. Langa ndikalemba m'nthaka." Adasaina mosangalala, n'kugwirana chanza ndi aliyense mu ofesimo mpaka mlonda wa pakhomo.

Ndiye kubzala kwake mukadakuona! Adasankha duriyani, chipatso chachikulu ngati mutu wa munthu, chaminga thupi lonse, fungo lake lothamangitsa mlendo koma eni dziko amachilimbirana pa mtengo wokwera. Lufeyo ankakumba maenje dzuwa lili pamutu, akuimba nyimbo za ngoma za kwawo, oyandikana nawo akusuzumira pampanda. Lamyai, amene adakulira m'minda yotereyi, ndiye ankasankha mbande, kumezanitsa ndi kudziwa nthawi yothira manyowa. Adamanganso nyumba pakati pa mundawo, ya khonde lalikulu. Ndalama yonse imene inkabwera inkalowa m'nthaka, moti Lamyai atanena za inshuwalansi ya chipatala, mwamuna adati, "Chaka chamawa, mitengo ikabereka."

Duriyani sathamanga, amatenga zaka. Koma tsiku lidafika, mtengo umodzi udaonetsa zipatso zoyamba. Lufeyo adavina pansi pake ngati mwana, ndipo zitakhwima sadafune kudikira munthu wodziwa kukwera. Mkazi akumuletsa, iye ali kale m'mwamba ndi mpeni. Nthambi idangoti thyo, iye pansi khu, mutu pa mwala.

Kuchipatala adati m'mutu mwalowa magazi, pakufunika opaleshoni msangamsanga, ndiponso akhala nthawi yaitali m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Mtengo wake udali woopsa, ndipo m'nyumba mudalibe kanthu. Lamyai adagulitsa makina ake operera miyala, osakwana. Adathamangira kwa anthu a ndalama kuti agule munda, koma aliyense ankati abwera kudzauona sabata yamawa, pamene mwamuna wake sabata yamawayo sakadaifika.

Apa ndi pamene akulowa munthu wachitatu, Prasit, mchimwene wake wa Lamyai. Iyeyu adali msodzi wa kunyanja yamchere, wosalankhulalankhula, ndipo chuma chake chonse chidali boti limodzi la injini limene ankadyetsera ana ake. Mlongo wake adamugwadira akulira. Prasit adati, "Boti ndingagulitse lero lomwe, alipo amene wakhala akulifuna. Koma ndikagulitsa, ana anga adya chiyani?" Lamyai adati, "Achimwene, tengani munda." Boti lidapita pa mtengo wothamangira, ndalama zake zidapita kuchipatala, ndipo munda udalembedwa dzina la Prasit. Mtengo wa botilo sudafike ngakhale theka la mtengo wa munda, koma nthawi yokambirana idalibe. Lufeyo sadafunsidwe. Akadamufunsa bwanji munthu ali chikomokere, ndiponso adasaina yekha kuti alibe gawo?

Opaleshoni idayenda bwino, Lufeyo adatsitsimuka. Koma kuchira kwake kudatenga nthawi, ankaphunzira kulankhula ndi kuyenda ngati khanda. Lamyai adamusambitsa, kumudyetsa ndi kumutembenuza pabedi, ndipo za munda adatseka pakamwa poopa kuti mtima wa mwamuna wake ungaime.

Pamenepo kudagwa chilala. Kamtsinje kaja kadauma gwa, minda ya anthu ena mitengo idayamba kufota. Prasit, munthu woti chibadwire sadagwirepo khasu, adabwereka galimoto n'kumatunga madzi kutali m'migolo, kuthirira mtengo umodziumodzi, manja mpaka matuza. Adayenda kwa alimi akale kukafunsa nzeru, akumuseka kuti msodzi wasochera. Sudafe mtengo ngakhale umodzi. Mvula itabwerera, munda wonse udachita maluwa kamodzi.

Tsiku limene Lufeyo adatha kutuluka m'nyumba ndi ndodo kukayendera munda, abale, chimwemwe chake! Zipatso lendelende mtengo uliwonse, zomangirira ndi zingwe kuti zisagwe, malole a ogula atandandalika pamsewu. Adakumbatira mtengo woyamba, uja udamugwetsa, akuseka, misozi ili mbwembwembwe. Adati, "Ababa mukadaona, mwana wanu ali ndi mitengo." Kenaka adaona kuti ogula aja akungomudutsa, onse akupita kukapereka ulemu kwa Prasit. Adafunsa mkazi wake kuti, "Kodi alamu ndiwo akutigulitsira?" Lamyai adagwada pansi pomwepo n'kumuuza zonse.

Madzulo a tsiku lomwelo adakhala pakhonde atatuwo, ndipo aliyense adatulutsa za kukhosi.

Lufeyo ndiye adayamba. "Alamu, mwandipulumutsa, ndipo ndidzakuthokozani mpaka kufa. Koma munda uwu ndidaugula ndi mwala wanga. Dzenje lililonse ndidakumba ndine, mtengo uliwonse ndidabzala ndi manja awa. Kwathu wobzala mitengo ndiye mwini malo. Ndalama za boti lanu ndikubwezerani zonse, ndi zoonjezera pamwamba, tikangogulitsa zipatsozi."

Prasit adamulola kumaliza, kenaka adafunsa mofatsa, "Zipatso za m'munda wa yani, alamu? Mukufuna kundilipira ndi thukuta langa lomwe? Mudabzaladi, sindikukana. Koma pamene mudagona, mitengoyi ikadauma yonse, lero mukadapeza nkhuni. Boti langa lili ndi mwini wina tsopano, ndipo malo anga kunyanja adatenga ena. Ine sindidabwere kudzapempha munda, adandigwadira ndi mlongo wangayu. Ndikaubweza, ana anga ndiwauza kuti bambo wawo adagulitsa boti kuti atsale manja okha?"

Apo Lamyai adapukuta misozi, ndipo adakwiya koyamba chikwatiwire. "Nonse awiri mukulankhula ngati ine kulibe. Amuna anga, popanda dzina langa simukadagula ngakhale pobzala tsabola. Mudasaina nokha kuti munda ndi wanga, ndipo mbande zimene mukuzinyadirazo ndidamezanitsa ndine. Ndidaupereka kuti mukhale moyo, ndipo zitachitikanso ndingaperekenso. Inunso achimwene, mukudziwa mumtima mwanu kuti kumene kuja sikudali kugula. Munthu sagula munda kwa mlongo wake akulira, pa theka la mtengo, n'kumati wagula. Mudandithandiza, ndipo thandizolo tikubwezerani. Koma munda ubwerere m'dzina langa, mmene udalili."

Lufeyo atamva zakuti m'dzina langa, adazindikira kuti ngakhale atapambana mlanduwu, dzina lake silidzalembedwa paliponse. Adayang'ana mitengo yake mbali iyi ndi iyo, ndipo palibe umodzi umene udamuchitira umboni.

Prasit adaona kuti mlamu wake wasweka mtima, ndipo chisoni chidamugwira, pakuti sadali munthu woipa. Adamugwira paphewa n'kunena mokoma mtima kuti, "Musadandaule. Nyumbayi mudamanga nokha. Khalani alamu, palibe akukuthamangitsani."

Mawu omwe aja, anzanga, osachotsapo ngakhale limodzi, adamupeza Lufeyo kutsidya kwa nyanja, pakhonde la nyumba yake, pansi pa mitengo yobzala yekha. Maso ake adagwera pa khasu limene lidatsamira khoma pafupi ndi chitseko.

Ine ndalekera pomwepa, ndipo musandifunse mbali yanga chifukwa sindinena. Malole akudikira pamsewu, zipatso zakhwima, ndipo duriyani akapsa sadikira mlandu. Wina adagula ndi kubzala, koma ali moyo lero chifukwa mundawo udagulitsidwa. Wina dzina lidali lake, koma adaupereka ndi dzanja lake. Winayo adataya boti n'kupulumutsa munthu ndi mitengo yomwe, koma adaupeza pa misozi ya mlongo wake. Inu akamwini kumbuyoko, inu amayi, ndi inu alamu a anthu, tandiuzani tsopano: munda wa duriyaniwu ndi wa yani, wa Lufeyo, wa Lamyai kapena wa Prasit?