Ababa a M'foni

Amene analipo tsiku limenelo ndi awa: Che Amidu, omwe anali atangofika kumene kuchokera ku Joni, mkazi wawo Abiti Lajabu, mwana wawo Twaha, wa zaka zinayi, ndi Che Wisiki, nkhoswe ya kuchikazi. Amene sanabwere ndi Che Jafali, nkhoswe ya kuchimuna, omwe aja anadya nkhuku ya ukwatiwu mpaka kuphwanya mafupa, koma tsiku la mlandu mwendo unawatupa mwadzidzidzi. Zimenezo tazisunga.

Anapita kwa Shehe Saizi, n'kuwapeza pakhonde la mzikiti, swala, pemphero la masana, itatha, akusoka mkeka wopemphererapo umene unang'ambika m'mphepete. Atapatsana salamu, Che Amidu sanadikire n'komwe kufunsidwa za ulendo.

"Shehe, ndabwera kuti mukhale mboni. Mayi awa ndikuwapatsa talaka, ukwati uthe."

Che Wisiki anagwira pakamwa. Abiti Lajabu anangoweramitsa mutu, mwana atawakakamira kumsana ngati nkhupakupa.

"Mawu amenewo ndi olemera, Che Amidu," anatero Shehe, singano ili m'manja. "Tayambani mwakhala pansi. Chalakwika n'chiyani?"

Che Amidu anakhala, koma mtima wawo unali chiimire. Anachoka pamudzi Twaha akadali kubere. Ku Joni anagona pa makatoni, anathamangitsidwa ndi apolisi, anadya buledi ndi madzi, kuti nyumba ikhale ya malata ndiponso mwana avale nsapato. Lachisanu lililonse ankaimba foni yoonana nkhope. Ndiye tsiku lofika, abale atadzaza bwalo, anatambasula manja kuti anyamule mwana wawo. Mwanayo anawaluma padzanja, n'kukuwa kuti: Awa si ababa! Ababa anga ndi aang'ono, amakhala m'foni ya amayi!

"Pamaso pa anthu, Shehe! Mwana sapeka nkhani, amanena zimene waona. M'foni imeneyo muli mwamuna wina."

"Ndawauza kuti akunena iwo omwe," anatero Abiti Lajabu chapansipansi. "Foni ndawapatsa, aifufuza mpaka batire kutha. Sakumva."

"Ndimve chiyani? Nkhope yanga ndi yomweyi. Mwana wa zaka zinayi alibe maso?"

Shehe anabaya singano pamkeka. "Ine za mafoni sindizidziwa, yanga ndi ya mabatani. Koma ana ndakhala nawo pa madrasa kuyambira ndevu zanga zili zakuda. Mundilole ndimufunse Twaha kanthu kakang'ono."

Anatenga birika la madzi osambira pokaswali, makapu awiri ofanana, ndi botolo lalitali lopyapyala. Anadzaza makapu onse awiri, n'kukhala pansi penipeni, mutu wawo n'kufanana msinkhu ndi wa mwana.

"Che Twaha, tandithandizani, maso anga akalamba. Madzi ambiri ali muti?"

Twaha anasuzumira kuchokera kumsana kwa mayi ake. "Ndi ofanana."

"Mwaona bwino." Shehe anatenga kapu imodzi n'kukhuthulira m'botolo, mwana akuona, osataya ngakhale dontho. "Nanga tsopano?"

"Umu!" Twaha analoza botolo, osakayika n'komwe.

"Iwe!" Che Amidu anadzuka. "Si madzi omwe aja? Sunaone akuthira?"

Mwana anabisanso nkhope. Che Amidu anabwera ndi mlandu umodzi, tsopano unaoneka wina woopsa kuposa woyambawo.

"Subuhanalla! Shehe, ndiye kuti mwana wanga mutu wake suli bwino?"

"Mutu wake uli bwino kwambiri. Itanani aliyense wa msinkhu wake m'mudzi muno, aloza botolo lomweli. Inunso munaliloza, kungoti palibe anakufunsani. Nzeru za mwana zimamera ngati mano, ena ayamba, ena atsatira, ndipo palibe amene amakalipira khanda kuti bwanji sukutafuna chimanga chokazinga. Khanda mukalibisira chinthu pansi pa nsalu, kwa ilo chatha. Likayamba kukwawa limavundukula nsaluyo. Pa msinkhu wa Twaha mwana amakhulupirira maso ake: chachitali n'chambiri, chaching'ono n'chaching'ono basi. Akadzafika zaka zisanu ndi ziwiri adzaseka yekha za botololi. N'chifukwa chake ngakhale swala timayamba kumuuza pamenepo. Mulungu amene anamulenga sanamufulumizitse."

"Madzi ndi madzi, Shehe. Ine si botolo."

"Mwanena zoona. Ndiye tisakangane. Foni muli nayo? Pitani kuseri kwa mzikiti, muwaimbire mayi awa monga munkachitira muli ku Joni."

Che Amidu anapita monyinyirika, akudziona ngati munthu wamkulu amene akuseweretsedwa. Anaima pafupi ndi chitsime, n'kuimba. Pagalasi panatulukira kankhope kamene kuyambira tsiku lofika anali asanakaone kakuseka. Mano onse anali pamtunda.

"Ababa! Ababa! Salamu alaikumu!"

Galasi linada, mwana akulipsompsona.

"Ababa, munali kuti? Lachisanu simunaimbe." Kenaka mwanayo anatsitsa mawu, kuyang'ana uku ndi uku. "Ababa, bwerani msanga. Kunyumba kwabwera chimunthu chachikulu. Chimakalipa. Chikugona pamalo panga, ine andichotsa. Amayi akumalira. Ndinachiluma, koma sichikuchoka. Bwerani mudzachithamangitse."

Che Amidu anakhala pansi m'matope a pachitsime ndi thalauza la ku Joni lija. Mwamuna amene ankamusaka m'foni anamupeza. Chimunthu chimene chinkaliritsa mkazi wawo anachipezanso.

Pakhonde napo onse anamva mawu a mwanayo. Che Wisiki, amene anabwera atanola lilime kuti ateteze Abiti Lajabu, anangoti kukamwa yasa.

Che Amidu anabwerera foni ili m'manja, osaidula. Twaha anayang'ana pagalasi, anayang'ana munthu amene akubwerayo, anayang'ananso pagalasi. Nkhope inakwinyika. Anaponya foni pamkeka n'kulowa m'chitenje cha mayi ake.

"Asitaghafirulla," anatero Che Amidu. "Waona ndi maso ake, komabe akundithawa."

"Sizilumikizika tsiku limodzi," anatero Shehe. "Ababa a m'foni sanamukalipirepo. Inu mwamukalipira kangati chifikireni?"

Che Amidu anagwada pamaso pa Shehe, matope akudontha.

"Shehe, ndinkayesa ndalipira zonse. Ndiuzeni, chatsala n'chiyani?"

Shehe Saizi anatenganso singano yawo, koma sanasoke.

"Talaka ili pakamwa panu, ine sindingakutsekeni. Koma poti mwafunsa chatsala, ndikuuzani. Malata mwalipira, Mulungu akulipireni. Nsapato mwalipira. Kwa mayi awa mwatsala ndi pepani, ndipo mukamupereke pabwalo lomwe lija munawachititsira manyazi, abale omwe aja alipo, Che Jafali mwendo ukaphwa adzamvenso. Kwa mwana, akuluakulu ophunzira amati zaka zisanu ndi ziwiri zoyamba n'zosewera naye, kuphunzitsa kumabwera pambuyo. Pa zimenezo simunaperekepo kanthu. Zinayi zapita, ndipo palibe amene angakubwezereni, ngakhale ine. Zatsala zitatu. Ngongole imeneyi salipira ali chiimire, Che Amidu. Mukhale pansi pafumbi, muumbe naye ng'ombe zadothi, muchepe, mpaka mufanane ndi ababa aang'ono aja akuwadikirawo."