Manda a Bambo pa Foni ya Dingani

Kunyumba kwa mayi Chipasha ku Chelstone, tebulo lodyera linasiya kalekale ntchito imene analigulira. Dingani, mwana wawo wachiwiri, analilanda n'kulisandutsa ofesi: kompyuta pakati, mafoni atatu pambali, nthambo zolukanalukana mpaka pansi. Ofuna kudya ankakadyera pakhonde. Ntchito yake inali yolemba mapulogalamu a pafoni, ndipo tisamunamizire, dzanja lake linali labwino. Anzake ambiri ankangotola mabatani ndi timabokosi topangidwa kale n'kumalumikiza, koma iye ankajambula yekha. Osati ndi pensulo ayi. Ankalembera foni malamulo akuti yambira apa, koka mzere mpaka apo, paka mtundu wakuti, ndipo pasikirini pankatuluka chithunzi chooneka ngati chosindikiza. Vuto lake linali lomwe lija limagwira akatswiri ambiri: chimene chatuluka m'manja mwake sankachikayikira, ndipo wochikayikira ankamuona ngati wamuponda chala dala.

Chaka chimenecho banja linagwirizana zoika mwala pamanda a bambo awo, a Dunstan, amene anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Tsiku lovundukula mwalawo linasankhidwa, Loweruka lomaliza la Ogasiti. Abale a ku Kitwe ndi a ku Chipata anauzidwa, abusa anavomera, wosema miyala analemba dzina. Koma panali chinthu chimene aliyense ankachilambalala pokamba: pamene panali manda a bambowo sipankadziwika bwino. Kachikwangwani kachitsulo kamene anazika tsiku la maliro kanazulidwa ndi otolera zitsulo zokagulitsa, pamodzi ndi tina mazanamazana, ndipo moto wolusa wa chaka ndi chaka unamaliza zotsala. Mayi Chipasha miyendo inali itayamba kuwavuta, moti zaka zitatu zinadutsa osapondako. Ana nawo, tisabise, anali otanganidwa monga amatanganidwira ana a m'tauni.

Dingani anati nkhaniyo aisiye m'manja mwake. Anapita ku ofesi ya kumandako n'kujambula ndi foni tsamba la m'kaundula pamene panali dzina la bambo ake: mzere wachisanu ndi chinayi, manda a nambala 14. Anajambulanso mapu akale a pakhoma osonyeza chigawo chonsecho, mizere makumi awiri ndi inayi, msewu wafumbi m'munsi mwake, mpanda kumtunda. Mayi wa muofesimo anamuuza kuti adikire pang'ono abwere ba Killian, mkulu wa okumba manda, akamulozere ndi chala. Dingani anayang'ana wotchi, anathokoza, n'kutuluka.

Masiku anayi anawathera patebulo paja, ndipo chimene anapanga chinali chokongola zedi. Chigawo chonse cha manda chinakwana pasikirini, timabokosi tondondozana bwino, msewu wofiirira m'munsi. Bokosi la bambo ake analipaka mtundu wagolide n'kuikapo kamtanda. Anaikanso kadontho kabuluu koyenda ndi munthu, kuti wachibale aliyense, ngakhale mdzukulu wosabadwa, adzafike pamandapo osasochera. Tsono foni ikamajambula imayamba kuwerenga pamwamba pa sikirini n'kumatsika. Dingani zimenezi ankazidziwa ngati dzina lake, ndipo anazizolowera kwambiri moti mzere woyamba anauika pamwamba, kumpanda, n'kutsika mpaka wachisanu ndi chinayi. Funso lakuti okumba manda amayambira mbali iti powerenga silinamudutse n'komwe m'mutu.

Lamlungu atachoka kutchalitchi, mlongo wake wamkulu, Tryness, anabwera kuchokera ku Kabwata kudzaona amayi awo. Tryness ndi mphunzitsi, ndipo pakamwa pake palibe chotsekera. Chimene waona amanena, kaya pali alendo kaya palibe. Dingani anamupatsa foni akuyembekezera kuyamikiridwa. Tryness anaiyang'ana nthawi yaitali, anaitembenuza, n'kukwinya nkhope.

"Iwe Dingani, ba tate sanali kutali so na mseu," anatero. "Pa malilo ba mai anakangiwa kuimilila, anankhala mu motoka chitseko chili chosegula, koma mau ya abusa anali kumvela yonse. Apa waika ni kutali maningi."

"Ba sisi, imwe munali kulila tsiku lija. Munaona chani?" anayankha Dingani. "Nili na pepala ya mu ofesi. Manambala sanama."

"Manambala sanama, koma wopenda angasobe. Unafunsa banthu ba kumanda?"

"Nifunse chani? Iyi ndiye nchito yanga."

"Nchito yako ni foni, osati manda. Uzamangila munthu wa bene, iwe, na dzina ya ba tate pamwamba."

Mawu amenewa anamulasa Dingani, makamaka poti ananenedwa amayi ake akumva. Analanda foni ija, nanena kuti anthu ena sathandiza kanthu koma kupeza zifukwa ndiye amatha. Mayi Chipasha, pofuna mtendere, anati mwanayo anapita kusukulu ya zimenezi, amusiye. Tryness ananyamula chikwama chake osamwa ndi tiyi yemwe. Sabata imeneyo anamuimbira mlongo wake katatu, koma Dingani ankangoyang'ana foni ikulira mpaka kusiya.

Lachinayi m'mawa, kutatsala masiku awiri kuti abale asonkhane, Dingani anafika kumanda ndi mmisiri womanga, ba Amock, galimoto itadzaza simenti, mchenga, matabwa ndi mgolo wa madzi. Anatsogola foni ili m'manja, akuponda mapesi opserera, mpaka kadontho kabuluu kanalowa m'bokosi lagolide. "Ni pano," anatero ndi mtima wonse. Kenako ananong'oneza kuti, "Ba tate, tabwela." Ba Amock sanafunse zambiri, poti mwini maliro ndiye amadziwa. Anapalira udzu, anayamba kusalaza mtumbira, anakhoma matabwa m'mbali, n'kukanda simenti muwilibala.

Simenti ija itangofewa bwino, kumsewu kunatulukira Tryness, nsapato za kuntchito zitayera ndi fumbi, akukoka mkulu wina wa ovolosi amene anakwapatira buku lalikulu. Zoti Dingani akumanga tsikulo anali atazimva kwa amayi ake. Anapempha mnzake kuti amugwirire kalasi, anakwera minibasi ziwiri, n'kukagogoda ku ofesi ya kumanda mpaka anamupatsa ba Killian aja. Atafika sanapereke moni. Anangoponda thabwa limodzi n'kuuza ba Amock kuti fosholo aiike pansi.

"Ba sisi, mufuna kunisebanya pa banthu?" anatero Dingani mokwiya.

"Sebana lelo pa banthu batatu, osati pa Chibelu, siku yovundukula mwala, pa banja yonse," anayankha Tryness. "Ngati nalakwa ine, nizakupepesa pamaso pa ba mai. Ba Killian, muuzeni."

Ba Killian anali munthu wosafulumira. Anapempha foni ija, anaiyang'ana ataitalikitsa, ndipo anagwedeza mutu moyamikira. "Mwajambula bwino, bosi. Ni mwamene yalili. Manje laini wanu woyamba ni uti?"

Dingani analoza pamwamba, kumpanda.

"Awe. Ise tiyambila ku mseu. Tikasegula malo yatsopano tikumba pafupi na pamene motoka ya malilo iimilila, ndiye tiyenda kumpanda. Pano pamene mwaimilila ni laini sikisitini."

Dingani anamva ngati nthaka yasuntha. Sanafunenso kumva zambiri, poti m'mutu mwake nkhani yonse inali itaoneka kale: chithunzi chake chinali chozondoka. Komabe anawatsatira. Anabwerera onse kumsewu, ndipo mkuluyo anayamba kuwerenga mizere mokweza, akuloza ndi chipewa. Pamzere wachisanu ndi chinayi anakhota, anawerenga mitumbira mpaka 14, n'kuima pa kamtumbira kophwa komera chisoso. Pafupi pake panali manda omangidwa kale, a mwala wakuda. Ba Killian anatsegula buku lija n'kuonetsa kuti dzina la pamwalapo, Mwelwa Kabwe, ndi limene linalembedwa pansi penipeni pa dzina la a Dunstan, ndipo onse awiri anaikidwa tsiku limodzi.

Tryness anagwira pakamwa. "Nakumbuka! Panali malilo yenangu pambali pathu, bazimai ba Katolika benze kuimba, ise kuyembekeza kuti basilize." Anagwada pakamtumbira paja n'kuyamba kuzula chisoso ndi manja, misozi ikutsika.

Dingani anafunsa ndi mawu otsika kuti nanga kuja anayamba kusalaza kuja kwagona ndani. Ba Killian anatembenuza masamba. Anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, dzina lake Destiny. Nayenso chikwangwani chake chinabedwa, ndipo amayi ake, okalamba, ankabwera chaka chilichonse kudzapempha kuti awalozere pamene pali mwana wawo.

Dingani anaona m'maganizo mwake mayi wachilendoyo akufika ndi maluwa n'kupeza dzina la mwamuna wosamudziwa litakhala pa mwana wake. Anaonanso amayi ake omubereka akugwada zaka zawo zonse zotsala pamanda a eni, bambo ake ali chigonere patsinde pa chisoso, mizere isanu ndi iwiri kuchokera pamenepo. Anathamangira kuwilibala kuja ngati kuti simenti ingadzithire yokha. Inali momwemo, yaiwisi, ndipo ngakhale fosholo imodzi inali isanagwere pansi. Anapuma mpweya wautali, n'kuseka kuseka kwa munthu amene galimoto yamuphonya pang'ono. Ba Amock anati akanachedwa a Tryness ndi mphindi khumi, bwenzi tikukamba zina.

Matabwa anawazula. Ba Amock atafuna kukonza mtumbira wa mtsikana uja, Dingani anawalanda fosholo. Anauwunjikira yekha dothi, nsapato zake zabwino zikumira m'fumbi, mpaka unabwerera mwakale, ndipo pomaliza anavula kapusi n'kupepesa kwa mwini wake. Kenako anakhala kumbuyo kwa galimoto, anatsegula kompyuta pamiyendo, nasintha mzere umodzi wokha wa malamulo aja kuti foni iziwerenga kuchokera m'munsi. Bokosi lagolide linatsika n'kukakhala pafupi ndi msewu. Asanatseke anadzutsa mutu.

"Ba Killian, nanga manda mu laini mupenda kuchokela ku manzele olo ku manja?"

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. "Ku manzele, bosi. Apo munalasa. Koma mwachita bwino kufunsa."

Loweruka kunadzaza anthu. Nsalu yoyera itachotsedwa pamwala, mayi Chipasha anapempha kuti awagwirizize agwade. Anasisita zilembo za dzina la mwamuna wawo chimodzichimodzi, kenako anayang'ana kumsewu, kumene galimoto zinaima, n'kugwedeza mutu. "Ni pamene apa," anatero. "Dunstan, takupeza." Za Lachinayi zija sanazidziwe, ndipo Tryness, amene sasunga mawu m'kamwa, ulendo uno anawasunga.

Anthu akubalalika, abale a ku Kitwe anazungulira Dingani kumuyamikira chifukwa cha mapu a pafoni aja, amene anawafikitsa pamandapo osafunsa munthu. Iye anawasiya akulankhula, anapita pamene panaima mlongo wake, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri, monga amachitira mwana kwa wamkulu.

"Ba sisi, sembe si imwe..."

"Leka, iwe," anamudula Tryness, akupukuta m'maso. "Ukaniyankhe chabe foni nikatuma."

Mawu a Tryness anali owawa, ndipo anawanena nthawi imene Dingani ankafuna kuwomberedwa m'manja. Onse omukonda mwaulemu anamusiya kuti apitirire ndi simenti yake, koma amene anamukwiyitsa ndi amene anakwera minibasi ziwiri kudzaponda thabwa lija. Akuluakulu sananame pamene anati wakutsina khutu ndi mnansi.